Lithium pansi pa boneti: kodi kwa Mlolo kuno zingatheke?

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO n'kufika pozimitsa malaiti mpaka maola 21 pa tsiku, lithium inalowa m'kamwa mwa aliyense. Masitolo a ku Chipata ndi ku Katete anadzaza ndi mabatire a sola oti mnyamata n'kunyamula ndi dzanja limodzi, ogulitsa akulumbira kuti amenewa amakhala zaka khumi. Kuno kwa a Mfumu Mlolo, kumene midzi yambiri waya wa ZESCO sunafikeko n'komwe, sola tinaizolowera kale. Koma batire lake linali lija lolemera, la asidi ndi mtovu, kawirikawiri lochotsedwa m'galimoto litatopa. Tsopano nkhani yatembenuka. Eni ma Corolla onyamula anthu kupita ku Boma la Chadiza kapena ku Katete, ndi eni ma Canter onyamula soya ndi chimanga, akufunsa ngati lithium imene ikuchita bwino m'nyumbayi singalowenso pansi pa boneti. Ndipo pamsika sipasowa mnyamata wokonza mafoni amene yankho ali nalo kale: "Amalume, ingondipatsani ya maselo, ndikumangirani batire loti simudzakankhitsanso motoka."

Mnyamatayo sakunama kwenikweni. Maselo a lithium amphamvu akhoza kuliza injini, ndipo amailiza mwachangu. Mavuto amayamba injini ikalira.

Sitata ndi mota yanjala. Pa galimoto yaing'ono ya petulo imakoka ma amp 100 mpaka 200, pa Hilux ya dizilo imatha kupitirira 400, koma imatero kwa masekondi awiri kapena atatu basi. Tawerengerani nokha: ma amp 200 kwa masekondi 3 ndi moto wosakwana 0.2 Ah. Batire la 60 Ah ndiye kuti langopereka gawo limodzi mwa magawo 360 a moto wake. Choncho poliza injini chimene chimafunika kwambiri ndi liwiro limene batire lingatulutsire motowo. N'chifukwa chake pambali pa batire pamakhala nambala ina ija ya CCA, imene imanena ma amp amene batire lingapereke kwa masekondi 30 kukuzizira madigiri 18 pansi pa ziro, mphamvu yake osatsika kupitirira ma volt 7.2. Kuzizira kotero ife sitikudziwa, koma nambalayo ndi imene imasiyanitsa batire loliza injini ndi batire losungira moto. Apa ndi pamene lithium imakopera anthu: ngati ntchito yake ndi ya masekondi atatu, n'kunyamuliranji makilogalamu 15 kapena 20 a mtovu?

Batire la mtovu analipanga Gaston Planté ku France mu 1859, ndipo sitata yamagetsi, luso la Charles Kettering, inayamba pa Cadillac ya 1912. Kuyambira m'ma 1950, pamene magalimoto anasamukira ku ma volt 12, chilichonse cha magetsi m'galimoto chakhala chikupangidwa moyeza batire limeneli. Lili ndi maselo 6, lililonse ma volt 2.1, pamodzi 12.6. Alternator imatchaja pa 13.8 mpaka cha m'ma 14.4, ndipo siifunsa kuti kutsogoloko kuli batire lanji. Imakankha mphamvu yomweyo kuchokera pa Chanida mpaka ku Lusaka. Nambala imeneyi, 14.4, muigwire, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo.

Maselo amene mnyamata wa pamsika amawapeza mosavuta ndi a 18650, ozungulira aja, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali, opezeka m'mabatire a laputopu zakufa, m'matochi ndi m'mapawa banki. A mu laputopu anapangidwira kutulutsa moto pang'onopang'ono, cha m'ma amp 5 selo limodzi. Kuti apereke 200 pafunika maselo 40 pa mzere umodzi, ndipo mizere ikufunika itatu kapena inayi. Ndiwo maselo 120 mpaka 160, akale, a zaka zosiyana, ena atatopa kale. Alipo ena amphamvu, opangira madirilo ndi macheka a batire, monga Samsung 25R amene amapereka ma amp 20. Amenewo khumi pa mzere akwana. Koma enieni ndi osowa, ndipo abodza ndi mbwee. Mukaona selo la 18650 lolembedwa 9,900 mAh, dziwani kuti n'labodza, chifukwa enieni amalekezera cha m'ma 3,500.

Tinene kuti mwapeza enieni. Selo la mtundu umenewu limadzaza pa ma volt 4.2, ndipo kupitirira apo ndi ngozi. Mukalumikiza mizere itatu, malire ake ndi 12.6. Alternator ikabwera ndi 14.4 yake ija, selo lililonse lilandira 4.8. Limatentha, limatulutsa mpweya, kenako moto, ndipo moto wake suzima ndi ndowa imodzi ya madzi. Mukalumikiza mizere inayi, malire akwera kufika 16.8, alternator n'kumangopereka 3.6 pa selo, ndiye batire silifika ngakhale theka. Silingapse ndi kutchaja, koma mwalipira maselo onse n'kumadya theka la ntchito yake, kwinaku muli ndi chinthu chosachedwa kuyaka pafupi ndi paipi ya petulo. Itatu yachepa, inayi yachuluka. Pa maselo a laputopu ndi a madirilo nkhani imathera pomwepa, ndipo ine sindiona chifukwa choitalikitsira.

Amene akuganiza kuti ndikuopseza akumbuke zimene zinaonekera kampani ya Boeing, imene mainjiniya ake sitingawayerekeze ndi a pamsika wathu. Pa 7 Januwale 2013, batire la lithium loliza injini yothandizira pa ndege ya 787 ya Japan Airlines linayaka pa bwalo la ndege ku Boston. Patangopita masiku ochepa lina linavuta ndege ili m'mwamba ku Japan, ndipo ndege zonse za mtunduwo zinaimitsidwa mpaka kumapeto kwa Epulo. Maselo ake anali a cobalt, a banja limodzi ndi a mu laputopu. Boeing inachita kulitsekera batirelo m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kunja kwa ndege.

Mtundu umene uli ndi mlandu womveka ndi wina, wa LiFePO4, umene ogulitsa sola amangouti LFP. Unatulukira ku University of Texas cha m'ma 1996, m'gulu la John Goodenough, mmodzi wa atatu amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha mabatire a lithium. Selo lake ndi la ma volt 3.2 ndipo limadzaza pa 3.65. Anayi pamodzi ndi 12.8, odzaza 14.6. Mwaona? 14.4 ija ikulowa bwinobwino, ngati kuti anachita kupangana. Komanso LFP siyaka msanga: maselo a cobalt amayamba kudzitentha okha cha m'ma madigiri 150, pamene a LFP amafika cha m'ma 270. Selo lotchuka la A123, la 26650, limasunga 2.5 Ah yokha koma limatha kutulutsa ma amp 120 kwa masekondi 10. Maselo 16, anayi anayi, amapereka ma amp 480 ndipo kulemera kwake kungopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Corolla imalira kamodzi n'kamodzi. Mavidiyo a pa YouTube amene anyamata amaonetsana amathera pamenepa, mwini wake akumwetulira.

Chimene mavidiyowo saonetsa ndi mwezi wachitatu. Maselo anayi olumikizidwa motsatizana sadzaza mofanana. Limodzi limatsogola, lina limatsalira. Alternator imangoona chiwerengero chonse, 14.4, osadziwa kuti selo lina lili pa 4.2 pamene anzake ali pa 3.4. Batire la mtovu vuto limeneli limathana nalo lokha: selo likadzaza, moto wotsala umangophwanya madzi kukhala mpweya uku anzake akumaliza kudzaza, ndipo inu mumangothiramo madzi a batire n'kuiwala. Lithium ilibe kotayira moto wotsala. Imafuna mlonda, kabolodi kotchedwa BMS, koyeza selo lililonse n'kudula moto pakakhala choopsa. BMS yoti ipirire ma amp 400 a sitata si ija ya mtengo wa botolo la mafuta ophikira. Yotchipa imadula pomwe mwapotokola kiyi, kapena imapsa n'kusiya batire lopanda mlonda inu osadziwa.

Ndipo mlonda wabwinoyo ali ndi choopsa chakechake. Tonse tinaonapo zimene zimachitika galimoto ikakana kulira m'mudzi. Amabwereka batire kwa neba, kulikweza pa njinga, kumasula lakufalo, n'kuliza injini ndi lobwerekalo. Matemino ake ali ndi ufa woyera wobiriwira, imodzi inakhwepa kalekale ndipo anakhomeramo msomali kuti igwire. Injini ikangolira, mmodzi amagwira mawaya awiriwo m'manja, wina n'kusolola batire la eni ake n'kubwezeramo lakufa lija injini ili chilirire. Amakanika ena amachita dala zomwezo, kuchotsa temino pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Pa Land Cruiser yakale ya dizilo kawirikawiri zimadutsa. Pa ma Allion, ma Vitz ndi ma Noah ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu, ndi juga. Batire ndi nkhata pakati pa alternator ndi zamagetsi zonse za galimoto. Likachoka mwadzidzidzi alternator ili pa ntchito, mphamvu imalumpha kwa kamphindi kufika ma volt makumi angapo, pa alternator zina mpaka cha m'ma 100, ndipo zimene zimalandira nkhonyayo ndi kompyuta ya injini, wailesi, mababu ndi ma diode a alternator yomweyo. Tsono BMS ikaona selo ladzaza kwambiri kapena latentha, imachita ndendende zimene amachita amakanika aja: imachotsa batire injini ikulira. Kusiyana kwake n'kwakuti imatero osakuuzani, mwina usiku, muli pa liwiro pa msewu wa Katete. Mabatire a lithium opangidwira magalimoto enieni anakonzedwa kuti zimenezi zisamachitike wamba. Omangidwa pa benchi ya mafoni, ndi selotepi wakuda, alibe chitetezo chimenecho.

Alternator nayo imavutika mwa njira ina. Batire la mtovu likamadzaza limayamba kukana moto pang'onopang'ono, alternator n'kupuma. Lithium imameza chilichonse chimene yapatsidwa mpaka itatsala pang'ono kudzaza. Likakhala laling'ono, ngati la maselo 16 lija, la 10 Ah, ma amp 60 kapena 80 a alternator amaposa amene maselo ayenera kulandira. Likakhala lalikulu ndipo lilibe moto, alternator imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali, ndipo ngati injini ikungolira galimoto itaima, fani yake sizungulira mokwanira kuti iziziritse. Fungo la waya wopserera limatsatira.

Palinso nkhani ya kuchepa kwa moto wosungidwa, imene kwa ife a kutali ndi tauni ndi yaikulu kuposa mmene a m'mavidiyo angaganizire. Galimoto yamakono imadya moto ngakhale itazimitsidwa, ma milliamp 20 mpaka 50 a alamu, wotchi ndi kompyuta. Pa 30, ndiye 0.7 Ah pa tsiku. Batire la 10 Ah latha m'milungu iwiri, ndipo nthawi ya dzinja magalimoto ambiri kuno amakhala milungu osayenda chifukwa cha matope ndi kusowa ndalama ya mafuta. Malaiti awiri akutsogolo, a mawati 55 lililonse, amakoka ma amp 9. Onjezani wailesi ndi mafoni a anthu onse odikira pa depoti ya chimanga ya FRA, amene amaona galimoto yoima ngati potchajira. Onjezani mahita a injini ya dizilo m'mawa wa Juni, ndi kupukusa kwautali kuja mukatha mafuta n'kumapopa kuti mpweya utuluke. Ndipo lamba wa alternator akaduka usiku, batire la 60 Ah likhoza kukufikitsani kwa makanika, pamene la 10 Ah likusiyani m'tchire theka la ola lisanakwane bwino. Batire la mtovu limachenjeza: sitata imayamba ulesi, malaiti amafiira. LFP imagwira mphamvu yake mofanana mpaka kumapeto, kenako zii.

Za kuzizira, zimene azungu amadandaula nazo kwambiri poti lithium siyenera kutchajidwa pansi pa ziro, tingozidumpha. Chathu ndi kutentha. Mu Okutobala, pansi pa boneti ya galimoto yokwera mtunda itasenza matumba, kutentha kumapitirira madigiri 60, pamene opanga maselo a LFP ambiri amalemba kuti asatchajidwe kupitirira 45 kapena 55. Batire la mtovu nalonso kutentha kumalifupikitsa moyo, n'chifukwa chake kuno silikhalitsa ngati kumaiko ozizira, koma limafa mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo lina mulipeza ku Katete tsiku lomwelo.

Nanga lija la sola la 100 Ah, loti lili kale m'nyumba? Ambiri dzanja limawayabwa kuti aliyese. Maselo ake ndi a LFP ndithu, ndipo moto ndi wambiri, koma BMS yake kawirikawiri inapangidwira ma amp 100, oyenera inveta, TV ndi firiji. Sitata ikakoka 200 kapena 300, imadula. Ikapanda kudula, mwaika pa chiswe batire lodula kuposa la galimoto kangapo, ndipo pepala la galanti lanena kale kuti si loliza injini.

Makampani a magalimoto nawo anayesa, ndipo mmene anayesera mukutiuza zambiri. Mu 2010 Porsche inayamba kugulitsa batire la LFP la 18 Ah, lolemera makilogalamu 6, pa magalimoto ake othamanga monga 911 GT3. Linkapepula galimoto ndi makilogalamu oposa 10, pa mtengo wa pafupifupi ma euro 1,900. Kwa munthu wa mpikisano makilogalamu 10 ndi nkhani. Kwa Canter yosenza matumba a makilogalamu 50, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a thumba limodzi. Tesla inasiya batire laling'ono la mtovu pa Model S ndi Model X mu 2021, koma magalimoto amenewo alibe sitata, alibe alternator, ndipo kompyuta ndi imene imayang'anira kutchaja. Suzuki inaika maselo a lithium a Toshiba mu Wagon R ya 2012 kuti azisunga moto galimoto ikamachepetsa liwiro, koma la mtovu inalisiya pamalo pake. Amathiraki odutsa pa Chanida, ochokera ku Beira kudzera ku Tete, amayendabe ndi mabatire awiri a mtovu opereka ma volt 24, ndipo eni ake ndi anthu owerengera ngwee iliyonse.

Si kuti mtovu ndi wabwino. Aliyense wa m'Zambia muno amadziwa za Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana mpaka lero akupezeka ndi mtovu m'magazi. Batire long'ambika losiyidwa kuseri kwa nyumba, asidi akudontha pamene nkhuku zimapalasa, ana akusewera ndi mapuleti ake, ndi Kabwe wamng'ono pakhomo panu. Chabwino chake n'chakuti batire la mtovu lakufa lili ndi wolifuna: ogula zitsulo zakale amalipira, ndipo masitolo ena amachotsera mtengo mukabweza lakale. Limathanso kuyamba latumikira miyezi ingapo m'nyumba, kuyatsa mababu awiri ndi wailesi. Maselo a lithium akufa, kuno kumudzi, sadziwika kopita. Zimapweteka pang'ono kuona kuti miyala yake ili pafupi nafe, ku Bikita ndi ku Arcadia m'Zimbabwe, ndipo Zambia ndi DRC anasainirana mu Epulo 2022 ku Lusaka kuti azipangira limodzi zofunika pa mabatire a magalimoto amagetsi, koma maselo amene timagula amadzera kutali, ambiri ku China, ndipo wogula wa kwa Mlolo alibe njira yodziwira ngati ali atsopano, otsalira ku fakitale kapena ochotsedwa m'basi yakale.

Pa njinga zamoto, zimene kuno zachuluka kuposa magalimoto, nkhani ndi yopepukirapo. Batire lake ndi la 5 kapena 7 Ah, sitata yake imakoka pang'ono, ndipo likakana pali kiki. Mabatire a LFP opangidwira njinga zamoto alipo ndipo amagwira. Chofunika n'kuyamba mwayeza ndi mita njinga ikulira mokweza: ngati regulator ikupereka zopitirira 14.6, monga zimachitira zina zotchipa zikayamba kutopa, lithium isalowepo.

Pamene lithium yamphamvu imathandizadi dalaivala wa kuno ndi pa kabokosi kojampira, kokwana m'kabati ya kutsogolo. M'katimo muli maselo omwe aja otulutsa moto wambiri nthawi imodzi, koma amagwira ntchito masekondi ochepa, batire la mtovu lili pamalo pake, kenako mumachotsa. Alternator siwatchaja ulendo wonse, ndipo sakhala m'ng'anjo ya pansi pa boneti. Mumakatchaja pa sola kunyumba. Kamathetsa kubwereka batire kwa neba ndi kulisolola injini ikulira, ndipo pa galimoto ya otomatiki, yoti simungaikankhe kuti ilire, kangakupulumutseni kugona panjira. Kokha musakasiye pa dashibodi padzuwa, ndipo pa injini ya dizilo mugule kolembedwa kuti n'ka dizilo.

Amene mtima wakana ndithu, ndipo ndalama ali nazo, agule batire la LFP lolembedwa poyera kuti ndi loliza injini, lokhala ndi nambala ya ma amp olizira, BMS ya m'kati ndi sitolo yoti akhoza kubwererako. Ayezetse alternator kaye, ndipo ngati malo a batire ali pafupi ndi ekizozi, alisunthe kapena alitchinge. Ena tonsefe, mtovu ukhale pansi pa boneti, lithium ikhale m'nyumba ndi m'kabati. Tsukani matemino ndi madzi a soda, chotsani msomali uja mugule temino yatsopano, mangani batire lisamagwedezeke pa mabampu a msewu wa Chadiza, onani madzi ake mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto ikakhala yoima nthawi ya mvula muzimasula waya wa negetivi. Mphwanu wa pamsika uja mupatseni ntchito yomanga batire la mababu ndi mafoni, pamene luso lake lingapindule popanda kuotcha galimoto ya banja.